Diresi la Kabatani

Kwawo ankawaitana kuti a Diso. Kuno kutsidya kwa malire amawaitana kuti a Matumba, ndipo amavomera, nanga atani.

Dzina loyambalo analipezera pakhonde la sitolo pamene anasokerapo zaka khumi ndi zisanu. Ukafika ndi nsalu yako, iwo sankadzuka n'komwe pampando. Ankangokweza mutu, kukuyang'ana kuyambira m'mapewa mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Tatembenukani." Ukatembenuka, basi zatha. "Mubwere Lachinayi." Tepi inalipo ndithu, koma inkangolendewera pamsomali n'kumadya fumbi. Amayi ena okayikira ankaumirira kuti ayesedwe, ndiye a Diso ankayamba atchula manambala onse, kenako n'kumupatsa tepi mwiniwakeyo kuti adziyese yekha. Manambala akafanana, ankaseka mpaka kutsokomola. Anali munthu wonyada, tisabise, koma kunyada kwake kunali ndi pogwira.

Kenako kunabwera zovala za kaunjika, ndipo ntchito ya utelala inafa iwo akuona. Anthu amene kale ankabweretsa nsalu ya suti anayamba kubwera ndi mathalauza a anthu akufa a kumayiko ena, kuti awadule miyendo. Munthu wodziwa kudula jekete n'kumatha tsiku lonse akusintha mazipi! Atamva kuti kutsidya kuli mafakitale osoka zovala, anagulitsa makina awo, natenga pasipoti, nauza akazi awo kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi abwera ndi makina amagetsi.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, ndipo ankamutchula kuti Kabatani. Ali ndi zaka zitatu anameza batani la malaya a kasitomala, ndipo makolo ake anakhala masiku awiri akufufuza mosayenera kutchula mpaka analipeza. A Diso analitsuka bwinobwino n'kulisokeranso pamalaya paja, mwiniwake osadziwa kanthu mpaka lero. Tsiku lonyamuka, Kabatani anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kamwana kowonda, mawondo kunja. Pa depoti, basi italiza kale injini, bambo ake anamuti, "Tatembenuka." Mwana anatembenuka akuseka, ndipo iwo anasunga manambala ake m'mutu: mapewa, chifuwa, chiuno, kuchoka paphewa kufika pabondo.

Papita zaka zisanu ndi zinayi tsopano, ndipo makina amagetsi aja sanafikebe.

Pachipata cha m'malire anawadindira masiku makumi atatu. Masikuwo anatha asanadziwe n'komwe minibasi yopita kuntchito, ndipo kuyambira pamenepo akhala ngati mmene amakhalira anzawo onse: ali m'dziko muno koma palibe pepala lonena kuti alimo. Pasipoti anaikulunga m'pulasitiki n'kuisokerera mkati mwa pilo. Aliyense wa kwawo amadziwa kuti ukakaonetsa chidindo chotha ngati chimenecho potuluka, amakulola upite, koma chipata amakutsekera kumbuyo kwa zaka zambiri.

Chipinda chawo chili kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye, ndipo kale chinali mosungira matayala. Fungo lake silinachoke. Muli bedi limodzi, anthu awiri. Mnzawo ndi mlonda wa pamalo ogulitsira matabwa, wa kwawo komweko, ndipo aliyense amangomuti Mlonda. Iye amagwira ntchito usiku, a Matumba masana, choncho bedi silizizira: uyu akamamanga nsapato, uyo akuvula. Mlonda amati bedi limeneli lili pa mitala, ndipo silidandaula chifukwa amuna ake onse awiri amabwera atatopa. Pampopi wa panja amayamba kutunga ndi eni dziko, ngakhale iwe utafika tambala asanalire. Mayi wa nyumbayo sanawafunsepo dzina. Akafuna kuwalankhula amangomenya chitseko ndi tsache n'kukuwa kuti, "Inu akunja!" Adzukulu ake amayeserera mmene a Matumba amaperekera moni, n'kugwa pansi ndi phwete.

Kukhala m'dziko la eni kuli ndi maphunziro ake amene palibe amakuuza. Mu minibasi a Matumba salankhula. Foni amaizimitsa asanakwere, chifukwa tsiku lina inaitana, iwo n'kuyankha m'chinenero chawo, ndipo minibasi yonse inatembenuka kuwayang'ana mpaka thukuta linayenda kumsana. Akafuna kutsika amangogogoda padenga. Akaona galimoto ya apolisi sathamanga, pakuti wothamanga ndiye amagwidwa. Amayenda pang'onopang'ono, nyuzipepala ya m'dzikomo ili m'khwapa, ngati munthu amene agogo ake anabadwira mumsewu womwewo. Nyuzipepala yake ndi imodzimodziyo, imatha miyezi inayi, ndipo samva n'theka lomwe la zimene zinalembedwamo.

Fakitale ili pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Mumalowa anthu makumi anayi, kenako kapitawo amakhoma chitseko chakunja, akuti kuopa akuba ulusi. Amasoka maovolosi ndi makabudula a sukulu, koma palibe amene amasoka chovala chathunthu. Wina kolala basi, wina manja basi, wina mabowo a mabatani basi. Tsiku loyamba, a Diso anayesa kufotokoza, ndi chinenero chothyokathyoka, kuti iwo amatha kudula suti popanda pepala lotsanzira. Kapitawo anawayang'ana ngati anena kuti amatha kuuluka.

"Suti? Wakufunsa za suti ndani? Khala apo. Matumba."

Anakhala, ndipo ali pomwepo mpaka lero. Thumba lakumanzere, thumba lakumanja, thumba lakumbuyo, kuponya mudengu, kutenga lina. Munthu amene adzavale samuona, ndipo thumba silifuna diso la aliyense. Nthawi yozizira akamayenda mumsewu amaona amuna a m'dzikomo atapisa manja m'maovolosi, ndipo amadziwa msoko wawo ali patali. Anthu omwewo amene sawayankha moni, manja awo amafunda m'matumba a iwowa. Zimawawawa, ndipo alibe womuuza.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkawakumbutsa kuti anali telala. Chaka chilichonse chikamatha, ankasokera Kabatani diresi. Pamsika wa kufupi pali mayi wina wosoka zong'ambika, amene amamutchula kuti Mayi Zigamba, ndipo Lamlungu ankawabwereka makina ake akale opalasa ndi mapazi, iwo n'kumukonzera makinawo akavuta. Manambala a pa depoti aja anali nawo, ndiye ankangowonjezera ndi mutu: inchi imodzi pachifuwa, theka m'chiuno, ziwiri kutalika. Mwana atakwana zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anasiya kuwonjezera kutalika. Mayi ake ndi kamunthu kochepa, ndipo a Matumba anali atagamula okha kuti mwanayo anatengera mayi ake.

Chaka chachitatu, akazi awo anayesa kulankhula. Ankaimba Lamlungu masana, mawu awo apansipansi monga mwa masiku onse.

"Bambo a Kabatani, mwanatu akukula. Bwanji ndipite naye kwa telala wa pamsika akamuyese, ndikutumizireni manambala?"

Abale, akanadziwa akanangokhala chete. A Matumba anadzuka pabedi ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Telala wake uti? Uja amasoka thalauza mwendo wina wautali wina waufupi? Mwana wanga ine, akamuzungulize tepi munthu wina, ine ndili moyo? Mwayamba kundiyesa wakufa eti?"

"Ayi bambo, sindinatero."

"Kuno andilanda zonse. Dzina andilanda, ntchito andilanda. Nanunso mukufuna mundilande diso?"

"Pepani bambo. Zatha."

Zinathadi. Kuyambira pamenepo, phukusi likafika iwo n'kufunsa kuti diresi lili bwanji, mayiwo ankayankha kuti, "Ndi lokongola kwambiri, anthu akulisirira." A Matumba ankagona mtima uli mbee. Foni yawo ndi kaja ka mabatani, kosaonetsa zithunzi, choncho zithunzi zinkabwera mwa apo ndi apo pa foni ya Mlonda, ndipo zinali za nkhope yokha, pena theka la nkhope, mwana akuthawa kamera. Ankaona kuti masaya adzaza, n'kunena kuti, "Akudya bwino mwana wanga." Kulankhula naye kunali kwa mphindi imodzi. Muli bwanji ababa, ndili bwino, sukulu ikuyenda, ikuyenda. Kenako onse awiri ankangomvera mayunitsi akutha.

Chaka chino, mvula itangosiya, kunabwera nkhani yoti Kabatani akukwatiwa. Mwamuna wake ndi wokonza magalimoto, munthu waulemu, akuti samwa. Zonse a kuchimuna anali atakambirana kale ndi alamu a a Matumba, mchimwene wa akazi awo, amene ndiye adzayende ndi mwanayo kulowa m'tchalitchi. A Matumba anauzidwa ngati mmene amauzidwira munthu wa nyumba yoyandikana nayo.

Anakhala sabata yathunthu akulimbana ndi mtima. Kupita akanatha, basi imanyamuka Lachisanu lililonse. Koma akatuluka sabwereranso, ndipo akazi awo ali ndi matenda a shuga, mankhwala ake amachokera m'matumba omwewa. Chimenecho ndicho chifukwa chimene ankauza anthu, ndipo n'choona. Chinanso chimene sankanena n'chakuti ankachita manyazi. Munthu unachoka ukulonjeza makina amagetsi, ukatsike basi patatha zaka zisanu ndi zinayi ndi kachikwama kamodzi, imvi mbuu, anthu akufunse kuti kunja kuja mumasoka chiyani, iwe uyankhe kuti matumba? Anasankha kukhala. Koma anatsimikiza mtima kuti ngakhale iwo sadzaoneka, diresi la mkwatibwi lidzakhala lawo. Anthu akadzaliona adzafunsa kuti wasoka ndani, ndipo dzina la a Diso lidzatchulidwa pa ukwati wa mwana wawo. Diresilo ndilo lidzayende naye m'malo mwa bambo ake.

Akazi awo atamva, anayesa kuwaletsa.

"Musavutike bambo. Kuno kuli mayi wobwereketsa madiresi, tibwereka."

"Kubwereka? Mwana wa telala avale diresi lotuluka thukuta la anthu makumi awiri?"

"Ndiye mulole timuyese. Kamodzi kokha, chonde. Uwu ndi ukwati."

"Mayi, mwayambanso?"

Kunamveka kunong'onezana, kenako foni inatengedwa ndi Kabatani mwiniwake. "Ababa, tamverani. Inetu sindili ngati mmene..."

"Iwe khala chete. Ndinakunyamula uli wofiira, ndinakuyang'ana pa depoti, fupa lako lililonse ndikulidziwa. Iwe konzeka kuvala basi."

"Chabwino ababa," anatero mwanayo, n'kubweza foni kwa mayi ake.

Ngakhale Mlonda anayesa. Anali atakhala pabedi akuvula majombo, maso ofiira ndi tulo. "Achimwene, zaka zisanu ndi zinayi si dzana. Ine ndinatumizira mwana wanga nsapato chaka chatha, anavala ndi mng'ono wake. Ingofunsani manambala, simufa."

"Iwe ndiwe mlonda," anatero a Matumba. "Chimene umadziwa kuyesa ndi kutalika kwa usiku. Za nsalu uzisiye."

"Ndasiya, bwana telala. Tadzukani ndigone."

Ma Lamlungu asanu ndi limodzi otsatirawo anali masiku abwino kuposa onse amene a Matumba anakhalapo m'dziko lino. Anagula nsalu yoyera yolemera bwino, yoti ukaigwetsa imagwa mwaulemu, ndi ina yopyapyala ya maluwa ya pamanja. Ankafika kwa Mayi Zigamba atasamba m'manja kawiri, n'kuyala chinsalu choyera pansi kuti fumbi la pamsika lisakhudze. Analemba ndi choko popanda pepala, anatseka maso pang'ono kuti amuone mwana wawo, ndipo sizasi inayenda yokha. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda kubwera kudzaonerera. Mmodzi anafunsa Mayi Zigamba kuti kodi bamboyu ndi wa kuti, ndipo atamva, anati, "Kani kumeneko kulinso anthu odziwa ntchito?" A Matumba anamva, koma tsiku limenelo sanapse mtima.

Khosi analidula mozungulira ngati tsamba, mmene ankadulira kale pakhonde paja, mmene palibe telala wina ankathera. Kumsana sanaike zipi. Anaika mabatani makumi atatu ndi awiri, lililonse analikuta ndi nsalu pamanja, mpaka zala zinatupa. Anadziwa kuti mwanayo akadzawaona adzaseka, ndipo mayi ake adzakumbuka masiku awiri aja. Diresi litatha analipachika pamsomali m'chipinda muja, litavekedwa pulasitiki. Mlonda analetsedwa kusuta, kukazinga, ngakhale kuyetsemula moyang'ana kumeneko.

"Ndiye kuti tsopano tili atatu muno," anadandaula Mlonda, "koma wachitatuyu lendi salipira."

Lachisanu linalo anapempha kapitawo kuti atuluke msanga, ponamizira dzino. Ku depoti ya mabasi odutsa malire kunali piringupiringu wa masiku onse: matumba a sopo, zidebe za mafuta, matilesi, njinga, zonse zimene anthu akunja amatumiza kwawo kuti abale asaiwale nkhope zawo. Dalaivala anali wodziwana nawo, ndiye amene ananyamula madiresi ena onse. Anafuna kuponya katoniyo pansi pa basi, koma a Matumba anamugwira dzanja.

"Ili ayi, adalaivala. Ili ndi la ukwati wa mwana wanga. Likhale kumbuyo kwa mpando wanu."

"Nanga eni ake simukwera?"

"Lapita ilo, ndiye kuti ndapita ine."

Dalaivala anawayang'ana, naika katoniyo kumbuyo kwa mpando. Patapita masiku atatu akazi awo anaimba kuti lafika. "Ndi lokongola kwambiri, bambo. Aliyense amene waliona wagwira pakamwa."

Loweruka la ukwati, a Matumba anali pa makina awo monga mwa nthawi zonse, chitseko chokhoma. Wotchi ya pakhoma itakwana teni koloko anachotsa phazi, makina n'kuima. M'maso mwawo ankaona chitseko cha tchalitchi, anthu akuimirira, mabatani makumi atatu ndi awiri akudutsa pakati pa mabenchi. Kapitawo anamenya tebulo ndi rula.

"Matumba! Wafa kapena?"

Anabwezera phazi, ndipo tsiku limenelo anasoka matumba akumwetulira.

Lamlungu m'mawa Mlonda anafika kuchokera kuntchito akugwedeza foni m'mwamba. "Zafika, achimwene! Zithunzi zafika!" Anakhala pabedi onse awiri, mapewa kugundana. A Matumba anapukuta magalasi awo ndi malaya. Chithunzi choyamba chinali cha gulu pamasitepe a tchalitchi, anthu ngati makumi awiri. Nkhope sanayambe aziyang'ana. Diso lawo linathamangira kufuna ntchito yawo, ndipo linaipeza nthawi yomweyo: khosi lija la ngati tsamba, manja aja a maluwa.

"Uyo! Uyo mwana wanga! Taona mmene lamukhalira m'mapewa. Ndinakuuza chiyani iwe? Ndinakuuza chiyani? Takulitsa ndimuone."

Mlonda sanakulitse. Anayang'anitsitsa foni, kenako anakanda m'mutu.

"Achimwene," anatero motsitsa, "mkwatibwitu si ameneyo. Mkwatibwi ndi uyu wapakatiyu, wavala veloyu. Uyu mukumulozayu ndi kamwana konyamula maluwa."

A Matumba analanda foni. Zala zawo zozolowera singano zinalephera kukulitsa chithunzi, mpaka Mlonda anawathandiza. Nkhope imene inali pamwamba pa khosi lawo lija inali ya kamtsikana ka zaka khumi ndi zitatu kapena zinayi, kosadziwika, kakumwetulira ndi dengu la maluwa. Diresi analidula m'munsi kuti lisakwekwe pansi, ndipo wodulayo anapinda mpendero mokhota. Pakati pa gulu panaima mayi wamtali, wa mapewa otambalala, wathupi lodzaza bwino, wamtali kuposa mwamuna wake. Anavala diresi la zipi, lonyezimira mopusa, lomukoka m'khwapa. Anaima ndendende ngati mmene ankaimira malemu mlongo wawo wa a Matumba, mutu chopendekera kumanzere. Mwanayo sanatengere mayi ake. Anatengera kwa bambo ake, ndipo bambo akewo anamudutsa ndi maso pachithunzi cha ukwati wake, n'kuloza mwana wa eni.

Mlonda anadzuka, nati akukagula buledi, ngakhale buledi analipo. Foni anaisiya pabedi.

A Matumba anatsala okha. Poyamba unabwera ukali, wotentha, wofuna munthu woti umugwere. Anatenga kafoni kawo n'kuimbira akazi awo, atakonza kale mawu. Koma amene anayankha anali Kabatani, pakuti anali atabwera kudzatsanzika mayi ake.

"Ababa."

"Diresi langa mwaveka ndani?"

"Mdzukulu wa apongozi anga. Ndi yekhayo amene linamukwana." Mawu ake anali odekha, a munthu wamkulu, ndipo a Matumba anazindikira kuti mawu amenewa sanawamvetserepo bwinobwino. "Ndinayesa, ababa. Ndinadzitsekera kuchipinda ndi amayi, tinalimbana nalo. Silinadutse n'komwe m'mapewa. Amayi anati tilisunge m'sutikesi, ine ndinakana. Ndinati ngakhale litavalidwa ndi wina, lilowe m'tchalitchi, liyende patsogolo panga."

"Nanga ena aja? Onse aja ndinkatumiza?"

"Awiri oyamba ndinavala. Lachitatu linandithina. Enawo anavala ana a amalume, ena tinapatsa a kutchalitchi. Atsikana ambiri kuno akula ndi madiresi anu."

"Zaka zonsezi! Osandiuza bwanji?"

"Tinakuuzani, ababa. Amayi anakuuzani, munakalipa. Ine ndinayamba kukuuzani, munati ndikhale chete. Amayi anati tikusiyeni. Anati kumeneko mulibe china chilichonse, tikakulandani chimenechi mudwala."

Ukali uja unasowa kolowera. Panalibe wonama woti amukalipire, panalibe kapitawo, panalibe wapolisi. Anangotsala iwo, pabedi la mitala, m'chipinda chonunkha matayala, ndi manyazi amene sanawamvepo chibadwire.

"Mabatani aja ndinawaona," anatero Kabatani. "Ndinawawerenga. Ndinalira, ababa, mpaka amayi anandikalipira kuti nditupa maso."

Maso a a Matumba anabwerera pa foni ya Mlonda, pamene mkwatibwi anali ataimabe pamasitepe. Tsopano anamuyang'ana bwinobwino, kuyambira m'mapewa mpaka kumapazi, monga ankachitira pakhonde paja. Sanachite kufuna, manambala anangobwera okha.

"Mapewa 16," anatero. "Chifuwa 40. Chiuno 33. Kuchoka paphewa kufika pansi, 59."

Kumbali inayo kunamveka kutsekula kwa chikwama ndi kukhwekhwereza kwa pepala.

"Mayi wobwereketsa madiresi anandiyesa ndi tepi mwezi watha, analemba apa," anatero Kabatani. "Ndi momwemo, ababa. Onse anayi, ndendende."

"Ndikanakusokera labwino kuposa limenelo. Likukukoka m'khwapa."

"Ndikudziwa. Linkandipweteka tsiku lonse. Mukanangobwera kudzandiona, ababa. Ngakhale kamodzi."

Kutali kunamveka hutala ya galimoto ndi mawu a mwamuna akuitana. Kabatani anati akumudikira, ayenera kupita, adzaimbanso. Foni inaduka.

Mlonda atabwera ndi buledi wake anawapeza ataima pakhoma, pansi pa msomali umene panali diresi paja, akulemba manambala anayi ndi choko chosokera. Anawalemba bwino, akuluakulu, ngakhale panalibenso choti asoke nawo. Mlonda anavula majombo n'kugona chopenya kukhoma linalo.

Lolemba m'mawa a Matumba anazimitsa foni, anapana nyuzipepala yawo m'khwapa, nakwera minibasi osalankhula ndi munthu. Kapitawo anakhoma chitseko, ndipo dengu la matumba linali litadzaza kale pambali pa makina awo.